Kuzunza oganiziridwa uchigawenga kuti aulule: mafunso ndi mayankho

Nkhaniyi ikangoyambika sichedwa kutentha. Wina amati munthu wopha ana ndi bomba sayenera kunyengereredwa, wina amati boma likayamba kuthidzimula anthu m'chitokosi ndiye kuti nalonso lasanduka chigawenga. Mayankho ali m'munsiwa atsamira kwambiri pa zimene dziko la America linachita pambuyo pa 11 Seputembala 2001, tsiku limene anthu pafupifupi 3,000 anaphedwa, chifukwa kumeneko n'kumene zikalata za boma zinatuluka poyera zochuluka. Ndineneretu kuti ine ndili kumbali yokana kuzunza. Koma mafunso a anthu a mbali inayo si opusa, ndipo sindiwayankha ngati opusa.

Tikamati kuzunza, tikunena chiyani kwenikweni?

Pangano la United Nations loletsa kuzunza, limene linavomerezedwa pa 10 Disembala 1984 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1987, limati ndi kumvetsa munthu ululu waukulu mwadala, m'thupi kapena m'maganizo, pofuna kuti aulule, avomere mlandu, alangidwe kapena achite mantha, wochitayo ali wa boma kapena boma likudziwa n'kulekerera. Mawu akuti "m'maganizo" musawadumphe. Munthu angathe kuphwanyidwa popanda bala ngakhale limodzi pakhungu.

Akazitape a America a bungwe la CIA sankakonda mawu akuti kuzunza. Ankati ndi njira zofunsira mafunso zowonjezera mphamvu. Njirazo zinali kumumana munthu tulo, ena mpaka maola 180, kumuimika atamangidwa unyolo manja ali m'mwamba, kumumenyetsa kukhoma, kumutsekera m'bokosi longa la maliro, kumuvula n'kumusiya pamalo ozizira. Yotchuka kwambiri ndi ija yomugoneka chagada pathabwa, kumuphimba nsalu kumaso n'kumathira madzi, moti thupi lonse limamva kuti likumira. Mu Ogasiti 2002 maloya a boma, Jay Bybee ndi John Yoo, analemba chikalata chonena kuti ululu umafika pa kuzunza pokhapokha utafanana ndi wa munthu amene chiwalo chake chikuleka kugwira ntchito kapena amene akufa. Mpanda anausuntha kuti mbuzi ioneke ngati sinalowe m'munda.

Malamulo amalola nthawi ina iliyonse?

Ayi. Gawo 2 la panganoli limati nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, chisokonezo cha ndale kapena ngozi ina iliyonse ya dziko sizingakhale chifukwa chozunzira munthu, ndiponso kuti "anandilamula ndi abwana" si chodzitetezera. Gawo 3 limaletsa kupereka munthu ku dziko kumene akakazunzidwe. Gawo 15 limati mawu otuluka pozunzidwa asalowe m'khoti ngati umboni. Ufulu wina boma limatha kuuchepetsa zinthu zikavuta, monga wa kusonkhana kapena kuyenda usiku. Uwu ayi.

Koma nanga bomba litatsala ola limodzi kuti liphulike pamsika, ndipo wolitchera ali m'manja mwanu?

Funso lenileni ndi limeneli, ndipo aliyense woona mtima amamva kulemera kwake. Miyoyo 500 mbali ino, ululu wa munthu mmodzi woipa mbali inayo. Ukawerengera ngati masamu, yankho limabwera lokha.

Tsono taonani zinthu zimene nthanoyi yakupatsani zaulere. Yakuuzani kuti bomba lilipodi. Yakuuzani kuti amene mwagwirayu ndi mwini wake, osati mlamu wake kapena munthu wofanana naye dzina. Yakuuzani kuti akudziwa pamene lili, kuti anzake sanalisunthe atamva kuti wagwidwa, kuti ululu umuyankhulitsa ola lisanathe, ndiponso kuti chimene anene chikhala choona. Wapolisi weniweni sakhala ndi chilichonse mwa zimenezi. Ali ndi mphekesera, nambala ya foni, ndi munthu amene akukana. Ndipo ngati nthawi yachepadi, chigawenga chenicheni ntchito yake ndi yosavuta: chingotchula malo abodza, apolisi athamangire kumeneko, ola lithe.

Chinanso chimene nthanoyi imabisa ndi ichi. Kuzunza kuti munthu asafe msanga komanso asakomoke ndi luso, ndipo luso limaphunziridwa. Kuti tsiku la bombalo pakhale wodziwa kuthira madzi aja, boma liyenera kukhala litamuphunzitsa kale, litamupezera chipinda, dokotala woyang'anira kugunda kwa mtima, loya wolemba chilolezo ndi ndalama za ntchitoyo. CIA inalemba ntchito akatswiri awiri a zamaganizo, James Mitchell ndi Bruce Jessen, ndipo kampani yawo inalandira madola 81 miliyoni. Nyumba yotere ikamangidwa sidikira bomba la pamsika lija. Imafuna ntchito tsiku ndi tsiku. Khalid Sheikh Mohammed, amene anakonza chiwembu cha 11 Seputembala, anamuthira madzi maulendo 183 mu Malichi 2003. Ola limodzi la m'nthano lija linasanduka masabata.

Choncho funso loyenera si lakuti iweyo ungatani mwana wako ali pamsikapo. Ambiri a ife tingachite zoopsa, ndipo n'chifukwa chake woferedwa sapatsidwa mpando woweruza. Funso ndi lakuti boma lipatsidwe mphamvu yotani pa munthu amene likungomuganizira.

Kodi kuzunza kumatulutsa zoona kapena ayi?

Kumatulutsa mawu. Ena oona, ena abodza, ndipo wofunsayo alibe chosefera. Amene amati kuzunza sikunatulutsepo choona ngakhale kamodzi akuwonjeza. Vuto ndi lakuti wozunzidwa safuna kunena zoona, amafuna kuti ululu uleke, ndiye amanena chimene akuona kuti womuzunzayo akufuna kumva.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha Ibn al-Shaykh al-Libi, wa ku Libya. Aamerica atamugwira anamupereka ku Egypt, ndipo kumeneko ananena kuti boma la Iraq linkaphunzitsa anthu a al-Qaeda, gulu limene linachita chiwembu cha 11 Seputembala, za zida za poizoni. Pa 5 Febuluwale 2003 Colin Powell, nduna ya America yoona za mayiko akunja panthawiyo, anagwiritsa ntchito nkhaniyi ku United Nations pokopa mayiko kuti avomereze nkhondo ya ku Iraq. Mu 2004 al-Libi anabweza mawu ake, nati anangopeka kuti asiye kumuzunza. Nkhondo inali itayamba kale.

John McCain, senata wa chipani cha Republican amene anakhala m'ndende ku Vietnam zaka zoposa 5 ndipo anazunzidwa koopsa, ankasimba kuti atamukakamiza kutchula mayina a asilikali anzake, iye anatchula osewera mpira a timu ya Green Bay Packers. Anasainanso chikalata chovomera milandu imene sanapalamule. Munthu ameneyu sanali wofewa pa nkhani za nkhondo, koma pa kuzunza sanasunthike mpaka imfa yake.

Palinso nkhani ya Abu Zubaydah, amene anagwidwa ku Faisalabad m'dziko la Pakistan mu Malichi 2002 atavulala ndi zipolopolo. Oyamba kumufunsa anali a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, mmodzi wa iwo Ali Soufan, wolankhula Chiarabu. Anamusamalira mabala, nkumacheza naye, ndipo m'macheza amenewo ndi mmene anaulula kuti munthu wotchedwa Mukhtar, mwini chiwembu cha 11 Seputembala, ndi Khalid Sheikh Mohammed. Kenako CIA inamutenga n'kumuthira madzi maulendo 83 mu Ogasiti 2002, poganiza kuti akubisa za chiwembu china. Sichinapezeke.

Mu Disembala 2014 komiti ya nyumba ya Senate yoona za ukazitape, motsogozedwa ndi Dianne Feinstein, inatulutsa chidule cha lipoti la masamba oposa 6,000. Inapeza kuti CIA inasunga anthu 119, kuti osachepera 39 anachitidwa njira zija, ndipo inagamula kuti njirazo sizinali zothandiza kupeza nkhani zodalirika. Kunena chilungamo, si onse anavomereza. Masenata ambiri a Republican m'komitiyo anatsutsa, ndipo mkulu wa CIA wa nthawiyo, John Brennan, anati akaidiwo anaperekadi nkhani zothandiza, koma n'zosatheka kudziwa ngati nkhanizo zikanapezeka popanda kuwazunza. Ineyo ndimaona kuti yankho la Brennan likuulula zambiri. Ngati amene anali ndi mafayilo onse sangathe kunena kuti kunali kofunika, ife tikhulupirire bwanji kuti kunali kofunika?

Si kuzunza kumene kunathandiza kupeza Osama bin Laden?

Anthu ambiri amakhulupirira choncho. Bin Laden, mtsogoleri wa al-Qaeda, anaphedwa ku Abbottabad m'dziko la Pakistan pa 2 Meyi 2011, akazitape atatsata mthenga wake wotchedwa Abu Ahmed al-Kuwaiti. Lipoti la Senate linati mkaidi amene anafotokoza bwino za mthengayu, Hassan Ghul, anatero asanayambe kumuzunza. Khalid Sheikh Mohammed, wa maulendo 183 uja, ananama: anati mthengayo ndi munthu wosafunika amene anasiya kale za al-Qaeda.

Koma anthu amenewa si zigawenga zenizeni? Chifundo n'chachiyani?

Ena analidi zigawenga, ndipo za Khalid Sheikh Mohammed palibe amene akukangana. Koma lipoti lomwe lija linapeza kuti mwa anthu 119, osachepera 26 anasungidwa molakwika, malinga ndi muyezo wa CIA yomweyo.

Khaled el-Masri, nzika ya Germany, anagwidwa pamalire a Macedonia kumapeto kwa 2003 chifukwa dzina lake linafanana ndi la munthu wina wofunidwa. Anamutengera ku Afghanistan, ndipo patapita miyezi anakamutaya pamsewu ku Albania. Mu 2012 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti zimene anamuchita zinali kuzunza. Maher Arar, nzika ya Canada, anagwidwa pabwalo la ndege ku New York mu 2002 n'kutumizidwa ku Syria, kumene anakhala miyezi pafupifupi 10 m'kachipinda konga manda, akukwapulidwa. Anavomera kuti anaphunzira za nkhondo ku Afghanistan, dziko limene sanapondeko. Boma la Canada linapepesa mu 2007 n'kumulipira madola a kumeneko 10.5 miliyoni. Gul Rahman sanalandire chipepeso ali moyo: anapezeka atafa ndi kuzizira mu Novembala 2002 m'ndende yachinsinsi ku Afghanistan, atamangidwa unyolo pasimenti, alibe zovala zokwanira.

Apa pali msampha umene makolo athu ankaudziwa pa mwabvi. Wosalakwa ndiye amavutika kwambiri, chifukwa alibe choti aulule, ndipo kukana kwake kumawerengedwa ngati kuuma mtima. Akamalira kuti sadziwa kanthu, wofunsa amati waphunzitsidwa bwino, tiwonjezere.

Nanga wolakwa weniweni? Apa ndiye pamene mfundo ya "sikugwira ntchito" imathera, n'kutsala ya umunthu. Chilango cha khoti, ngakhale chowawa, chimamutenga munthu ngati munthu: amamva mlandu wake, amayankha, amaweruzidwa. Kuzunza kumatenga thupi lake n'kulisandutsa chida chomenyera mwini wake, mpaka iye yekha adzipereke. Ndipo ntchitoyo imagwiridwa m'dzina la nzika zonse, ndi msonkho wawo.

Bwanji osangolola pang'ono, woweruza atapereka chilolezo?

Ganizoli analitchukitsa ndi Alan Dershowitz, mphunzitsi wa malamulo ku Harvard, cha mu 2002. Iye ankati popeza maboma azunzabe mobisa, kuli bwino zichitike poyera, jaji atasaina. Dziko la Israel linayesapo chinthu chofanana nacho. Mu 1987 komiti ya jaji Moshe Landau inalola akazitape a Shin Bet kugwiritsa ntchito mphamvu "yapakatikati" pofunsa oganiziridwa. Chimene chinayenera kukhala cha apo ndi apo chinasanduka chizolowezi pa Apalestina ochuluka, ndipo mu 1999 khoti lalikulu la dzikolo linaletsa njirazo. Mkulu wa khotilo, Aharon Barak, analemba kuti dziko la demokalase nthawi zina limayenera kumenya nkhondo dzanja limodzi litamangidwa kumbuyo. Khotilo linasiya kampata koti wofunsa angadziteteze ponena kuti panalibe kuchitira mwina, ndipo mabungwe a ufulu wa anthu akhala akudandaula kuti kampatako kanakula.

Jaji amene wadzutsidwa pakati pa usiku, akuuzidwa kuti akakana anthu afa, ndipo umboni wonse wachokera kwa opempha chilolezowo, adzakana kangati?

Nanga wapolisi amene wachita zimenezi pofuna kupulumutsa moyo, alangidwe?

Si nkhani ya uchigawenga, koma imene inachitika ku Frankfurt m'dziko la Germany mu 2002 ndiyo yayandikira kwambiri nthano ya bomba. Mwana wa zaka 11 anabedwa, wakubayo anagwidwa atatenga ndalama za dipo, koma ankakana kunena kumene mwanayo ali. Wachiwiri kwa mkulu wa apolisi, Wolfgang Daschner, analamula kuti amuopseze ndi ululu woopsa. Munthuyo anaulula nthawi yomweyo. Mwanayo anali atamupha kale asanagwidwe. Mu 2004 khoti linapeza Daschner wolakwa, koma linamupatsa chilango chochepetsetsa, chindapusa choimikidwa. Ajeremani ambiri anamumvera chisoni, inenso ndimamumvera. Koma khotilo linasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza: kumvetsa munthu mmodzi amene wagwa pa tsiku loipa, ndi kulemba lamulo loti apolisi onse azitero.

Mawu otuluka pozunzidwa amathandiza kumanga mlandu?

Amauwononga. Ahmed Ghailani wa ku Tanzania anaimbidwa mlandu wa mabomba a pa 7 Ogasiti 1998 ku maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi Dar es Salaam, amene anapha anthu 224, ambiri mwa iwo Aafirika. Pozenga mlanduwo ku New York mu 2010, jaji anakana mboni yofunika kwambiri ya boma chifukwa dzina lake linatuluka Ghailani ali m'manja mwa CIA. Pa milandu 285 anapezeka wolakwa pa umodzi wokha. Umodziwo unakwanira kumupatsa ukaidi wa moyo wonse, koma panatsala pang'ono.

Ku Guantánamo, ndende ya Aamerica imene ili ku Cuba, zinthu n'zoipirapo. Ndendeyi inatsegulidwa mu Januwale 2002 ndipo mwadutsa amuna pafupifupi 780. Khalid Sheikh Mohammed wakhala m'manja mwa Aamerica kuyambira 2003, koma zaka zoposa 20 zinadutsa mlandu wake usanafike pozengedwa, makamaka chifukwa chokangana za umboni wodetsedwa ndi kuzunza. Amasiye a 11 Seputembala ambiri akalamba, ena amwalira, akudikira chigamulo.

Ndiye chigawenga chifunsidwe bwanji, mochinyengerera?

Kufunsa mwaluso si kunyengerera. Wofunsa amayamba wadziwa zambiri za munthuyo, chilankhulo chake, chipembedzo chake, abale ake, zimene amanyadira ndi zimene zimamuwawa. Amamusiya alankhule, kenako amatulutsa umboni pang'onopang'ono pamene nkhani yake yapindika. Anthu ambiri otere amafuna kufotokoza chifukwa chimene anachitira zimene anachita, ndipo wofuna kudzitama sachedwa kutaya chinsinsi. Apolisi a ku Norway anamufunsa chotero Anders Breivik, amene anapha anthu 77 mu 2011, panthawi imene ankaopa kuti ali ndi anzake okonzeka kuphanso. Sanamukhudze ngakhale chala. Mu 2021 akatswiri a mayiko osiyanasiyana anatulutsa mfundo za kafunsidwe kotere, zodziwika ndi dzina la Juan Méndez, loya wa ku Argentina amene iyenso anazunzidwapo ndi boma la kwawo.

Komanso ziwembu zambiri zimalephereka chifukwa wina wapafupi, mnansi kapena m'bale, wakatsina khutu apolisi. Mayi amene akudziwa kuti mwana wake akakam'pereka akathyoledwa nthiti, sapita kupolisi.

Alipo amene analangidwa?

Ang'onoang'ono. Zithunzi za ku ndende ya Abu Ghraib ku Iraq zitatuluka mu Epulo 2004, asilikali 11 anapezeka olakwa, ndipo Charles Graner anagamulidwa zaka 10. Amene analemba zilolezo ndi kukonza ndondomeko ya CIA sanaimepo m'khoti la milandu yaupandu. Mu 2005 CIA inawononga matepi 92 a kanema wa kufunsako. Barack Obama analetsa njirazo mu Januwale 2009, ndipo mu 2014 anavomera poyera kuti dziko lake linazunza anthu, koma kafukufuku wa boma anatsekedwa mu 2012 popanda woimbidwa mlandu. Khoti la ku Italy ndilo linapeza Aamerica 23 olakwa mu 2009 pa kuba munthu mumzinda wa Milan, ngakhale anaweruzidwa iwo kulibe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ife kuno zikutikhudza pati?

Poyamba, pa liwu lomwelo lakuti chigawenga. Amene amalipereka ndi amene ali ndi mphamvu tsiku limenelo. Kwa Angerezi, a Mau Mau, amene ankamenyana ndi ulamuliro wa atsamunda ku Kenya, anali zigawenga, ndipo mu 2013 boma la Britain linavomera kuti anazunzidwa n'kulipira mapaundi 19.9 miliyoni kwa okalamba 5,228. Steve Biko, wolimbana ndi ulamuliro wa tsankho, anafa mu Seputembala 1977 atamenyedwa m'manja mwa apolisi a South Africa, amene ankamusunga pa lamulo lothana ndi uchigawenga. Ku Malawi, akuluakulu akukumbukira mmene liwuli linkagwirira ntchito pambuyo pa kugawanika kwa nduna mu 1964, pamene kungotchedwa wa Chipembere kunali kokwanira kuti munthu akapezeke ku ndende ya Dzeleka popanda mlandu kuzengedwa. Olemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali atazionera okha zimenezi, n'chifukwa chake gawo 19 limaletsa kuzunza kwa mtundu uliwonse, ndipo ufuluwu suimitsidwa ngakhale dziko litalengezedwa kuti lili pangozi. Malawi inalowa m'pangano la United Nations lija mu 1996, Zambia mu 1998.

Chachiwiri, nkhondo ya America yolimbana ndi uchigawenga inadutsa pakhomo pathu penipeni. Lipoti la bungwe la Open Society la 2013 linatchula mayiko 54 amene anathandiza CIA kugwira, kusunga kapena kusamutsa anthu mobisa, ndipo Malawi, Zimbabwe ndi South Africa ali pamndandandawo. Mu Juni 2003, Bakili Muluzi ali pulezidenti, amuna 5 ochokera kunja anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti amathandiza al-Qaeda ndi ndalama: awiri a ku Turkey, ena a ku Saudi Arabia, Kenya ndi Sudan. Maloya awo anathamangira ku khoti lalikulu, ndipo khotilo linalamula kuti asatulutsidwe m'dziko. Anawakweza ndege basi. Ku Mangochi kunabuka zipolowe, matchalitchi ena n'kuwonongedwa. Patapita pafupifupi mwezi, amuna onse 5 anamasulidwa ku Sudan popanda kuimbidwa mlandu uliwonse.